Dzina la Agogo pa Phale

Agogo anga a Saidi ndimayamba kuwakumbukira ndi mphuno. Limabwera kaye fungo la lubani wofuka pa kambaula kawo kadothi, kenako tiyi wowira ndi mkaka wa m'chitini, kenako mankhwala aja tinkapaka m'manja nthawi ya Korona, amene iwo ankati akununkha ngati chakumwa cha anthu osapemphera. Ndikatsinzina ndimawaona atakhala pa ndowa yovundikira m'khonde la nyumba yathu ku Muntazah, mumzinda wa Doha, kofia itapendekera, makina oziziritsa m'nyumba akulira kumbuyo kwawo, madzi ake akudonthera m'chigubu chimene amayi ankathirira nacho mpiru.

Anali bambo awo a mayi anga, mphunzitsi wa mbiri yakale amene anapuma ntchito ku Machinga. Ku Doha anabwera kudzationa chabe, ndi kachikwama kamodzi. Ndege zitaima chifukwa cha Korona, anakhala.

Nyumbayo inali yakale, yosanjikiza, yogawidwa zipinda ndi matabwa. Pansi tinkakhala mabanja, aliyense ndi wayilesi yake ndi mkangano wake. Pamwamba pankagona anyamata ogwira ntchito yaulonda, ndipo ankawayang'anira a Tembo a ku Katete, munthu wosaseka amene dzina lake linali pa mapepala a nyumba. Kwa a Tembo nsapato zinkafola pamzere. Lachisanu ankaphikitsa mpunga wa nyumba yonse mumphika umodzi, ndipo wosadyako ankafunsidwa chifukwa.

Ine sukulu ndinkaphunzira pa foni. Tsiku lina anatipatsa ntchito yoyerekeza boma ndi moyo wa anthu m'mizinda iwiri yodana ya ku Girisi wakale, Atene ndi Sparta. Ndinang'ung'udza mokweza, agogo n'kumva. Eee, nkhalamba ija inadzuka pa ndowa ngati yaitanidwa ku ukwati.

"Mariamu, zimitsa chimenecho. Ukufuna Sparta? Tchera khutu." Analoza kudenga, kumene kunkamveka mapazi a alonda akutsika onse pamodzi. "Ndi ameneyo. Mwana wamwamuna akangoyamba kugula mano ankamuchotsa kwa mayi ake, akagone kumsasa, azidya ndi anzake, azilankhula pang'ono. Mafumu awiri, madoda ochepa, minda akuwalimira akapolo."

Kukhitchini amayi ndi mkazi wa a Yusufu, oyandikana nafe chipinda, anali atayambana za sinki.

"Uyo ndiye Atene. Aliyense ali ndi pakamwa. Ankasonkhana paphiri, kukangana, kukweza manja, mawa lake n'kusintha maganizo. Koma akazi, akapolo ndi alendo ankangomvera kunja."

"Nanga inuyo agogo mukadakhala kuti?"

"Ku Atene, mwana iwe! Ine kukhala chete ndingafe."

Kambaula kaja katagwa n'kusweka, agogo sanadandaule. Anatola mapale onse, naitana anthu apansi pabwalo. Anatifotokozera kuti anthu a ku Atene ankazokota dzina la munthu pa phale, ndipo amene dzina lake lachuluka ankachoka mumzinda zaka khumi, popanda mlandu, popanda woweruza. Tinayesa. Aliyense anatenga phale ndi msomali, ndipo zimene zinathamangitsidwa zinali nsapato za a Yusufu, zomwe fungo lake linkapitirira ngakhale m'masiki. Tinaziperekeza kudenga la nyumba tikuimba nyimbo. Tinaseka mpaka nthiti kuwawa, anthu amene tinali titatopa kuonana. A Tembo anangosuzumira pa masitepe n'kubwerera.

Kenako kunabwera Asiyatu, mtsikana wa kwathu ku Ntaja. Ankagwira ntchito ya m'nyumba kudera la Old Airport, kwa madamu amene ankamugoneka kukhitchini ndi kumumana tsiku lopuma. Lamulo litasintha, loti wantchito angathe kupita kwa bwana wina popanda chilolezo cha wakale, Asiyatu anapeza malo ena, ndipo ankadikira kuti mapepala atuluke. Amayi anamutenga. Ankagona nane pa matiresi amodzi, ankandiluka tsitsi akuyimba chapansipansi, ndipo Lachisanu ankakhala nafe pa mpunga wa a Tembo. Ndinamukonda ngati mkulu wanga.

Madamu aja anayamba kuimba foni, akuti akamunenera kupolisi kuti wathawa. Mantha analowa m'nyumba. Apolisi akabwera, anthu ankatero, aona matabwa awa, aona kuchulukana kwathu nthawi ya matenda, tonse titulutsidwa. Koma Asiyatu analibe kwina. Kutuluka pa geti lathu kunali kubwerera kukhitchini kuja.

Anali a Yusufu amene ananena. "Tiyeni tichite za agogo zija, za mapale."

"Zija zinali zocheza, bambo," anatero agogo.

"Si inu munati ambiri akanena, ndiye boma?"

Agogo anadzuka, nakatenga mapale otsala.

Tinasonkhana pabwalo dzuwa likuswa mtengo, thukuta likunyowetsa masiki. Asiyatu anaima pafupi ndi geti, zovala zake zili m'jumbo. Misomali inalira pa dothi, mapale anagwera m'beseni, ndipo anandiuza ine kuti ndiwerenge poti ndinali wa sukulu. Asiyatu. Asiyatu. Lina linali lopanda kanthu, ndinadziwa kuti ndi la amayi. Asiyatu. Misozi inayamba kutsikira m'masiki. Ndinatola lina, ndipo ndinaima.

"Werenga," anatero agogo.

"Saidi."

"Ndalemba ndine," anatero agogo. "Ndinabwera kudzacheza, sindigwira ntchito, ndikungodya zanu. Mapalewanso ndinakupatsani ndine, n'kuiwala kukuuzani bwino mbali inayo. Ku Atene mlendo sankagwira phale. Ankaumba miphika, ankapalasa ngalawa, koma phale ayi. Muno ndani si mlendo? Nonsenu mukadaima pageti pamodzi ndi mwanayu. Akatuluka iye, ine ndili pambuyo pake, tikagona pokwerera basi."

Analowa m'chipinda, natuluka ndi kachikwama kawo kaja, nakaima pambali pa Asiyatu. Amayi anafuula, "Ababa!" Anthu anayang'ana pansi, koma palibe anabweza phale lake. A Yusufu anali ndi ana aang'ono, ndipo mantha awo sanali abodza.

Pamenepo pa masitepe panamveka mapazi. A Tembo anadutsa pakati pathu osayang'ana beseni, natenga jumbo m'manja mwa Asiyatu, natenganso chikwama cha agogo.

"Mtsikana uyu wadya nafe. Wodya nafe sagona panja. Apolisi akabwera alankhule na ine, nyumba ili pa dzina langa. Yatha."

Anakaika katunduyo m'chipinda mwathu. Akutuluka, agogo anawagwira mkono.

"A Tembo, mukudziwa kuti Sparta weniweni ankathamangitsa alendo?"

"Ndiye mulekeretu kunditchula dzina limenelo, madala. Mumayesa sindimva kumwambaku?"

Tsiku limenelo ndinaona mano a a Tembo koyamba.

Apolisi sanabwere. Mapepala a Asiyatu anatuluka, nakayamba ntchito kudera la Najma, ndipo Lachisanu ankabwerabe kudzadya mpunga. Agogo anakhuthulira beseni lija m'bini, osadzatchulanso za masewerawo. Nditawafunsa kuti ndilembe mzinda uti kuti unali wabwino, anapukusa mutu. "Lemba zimene waona. Ine ndimakondabe Atene, koma lero wandichititsa manyazi."

Ndege zitayambanso anabwerera ku Machinga, ndipo anamwalira ine ndisanafike kumudzi. Ndimawasowa kwambiri, makamaka phokoso lawo.

Sanadziwe kuti phale lawo sindinalibwezere m'beseni. Lili m'kachikwama kanga mpaka lero, likadali ndi mwaye wa lubani mbali imodzi, zilembo zake zokhotakhota. Ndakhalapo kale m'misonkhano ya ophunzira anzanga kumene manja amakwera msanga kuti wina achotsedwe m'chipinda chogona. Ine dzanja langa limayamba lalowa m'chikwama, n'kukhudza dzina lija, kenako ndimaimirira n'kufunsa kuti munthuyo akagona kuti.