Tsiku Limene Tinadya Tirigu wa Yohane

Chinali chaka cha 1979, ine ndili ndi zaka makumi asanu ndi zinayi. Ndinadzuka tambala asanalire pakhonde la mng'ono wanga Yohane ku Namwera, amuna ena akadali mtulo pambali pa chikuni. Tinali pamaliro a Yohaneyo. Kunali chisanu ndi nkhungu.

Yohane anagwirapo ntchito m'munda woyesera mbewu, kumene anaphunzira kukwatitsa tirigu. Wathu wa m'madimba anali wa ngala zazikulu, koma matenda a dzimbiri akafiiritsa masamba ankauma asanakhwime. Iye anamukwatitsa ndi wina wa ngala zazing'ono amene dzimbiri silinkamugwira. Ana onse a tiriguyo anapirira. Mwa zidzukulu ena anadwala, ndipo ankawazula. Atasankha choncho zaka zisanu ndi ziwiri, anadzaza mtsuko umodzi. Ali pamphasa anandiuza kuti ndidzadzale ine.

Mtsukowo ndinauona m'mawawo kuseri kwa chitseko, womata ndi dothi. Sindinaukhudze. Kutulutsa katundu mtembo uli m'nyumba ndi manyazi. Akanati ndathamangira chuma cha masiye. Sindinauzenso munthu aliyense.

Dzuwa litakwera anthu anadzaza bwalo. Abale a mlamu wanga, mkazi wa Yohane, anachokera ku Lungwena panjinga, ena anatsika kuchokera kumalire. Chimanga chinavuta chaka chimenecho. Moto unali m'mafuwa asanu, ufa unali wa atatu.

Tinanyamula bokosi masana, a kwaya ali patsogolo. Kumanda, katekisiti atamaliza pemphero, tcheyamani wa chipani anaimirira kulankhula. Ali mkati ndinamva misi ikugunda kumudzi. Ndinkadziwa kuti m'nkhokwe mulibe chosinja. Ndinakumbukira mtsuko uja. Masiku amenewo munthu sankachoka tcheyamani akulankhula, ndipo ine ndinali mwini maliro, patsogolo penipeni. Ndinaima. Misi inagunda, kenako inaleka.

Titakwirira ndinathamanga, ukalamba wanga wonsewu. Mtsuko unali chafufumimba pafupi ndi mtondo. Amayi a mpingo anali kugawa phala m'mbale.

Wamkulu wawo anati, "Ufa unatha, abambo. Tikanabweza anthu ndi njala?"

Ndinagwada pamtondo, ndinaingitsa nkhuku, n'kuyamba kufwasula fumbi ndi zala ndi kutolera njere m'mpango wanga, anthu akundiyang'ana. Ena ankanong'ona kuti chisoni chandisokoneza mutu. Phalalo anadya onse, tcheyamani mbale ziwiri. Ankati ndi lokoma.

Madzulo nyumba inakhala zii. Mlamu anagona choyang'ana kukhoma. Ndinamasula mpango wanga pakhomo kukadali kowala, ndinawerenga. Tinataya munthu mmodzi, zaka zisanu ndi ziwiri, ndi mtsuko wodzaza. M'mpangomo munali njere zisanu ndi zinayi. Zisanu ndi imodzi zinali zong'aluka ndi musi.