Tenti Imene Tinasoka ndi Apongozi

Chikwatirireni kuno kumunsi kwa phiri la Michesi, ine ndi apongozi anga aakazi tinali tisanayankhulanepo maso ndi maso. Si udani ayi, ndi ulemu wa kuno. Tikakumana pa kanjira, iwo ankapatukira m'chimanga, ine m'nandolo, moni n'kumaponyerana titayang'ana kumbali. Akafuna kuti ndiwakonzere njinga, pakuti ndiyo ntchito yanga, mawu ankadzera mwa mkazi wanga, ndipo pofika kwa ine anali atathiridwa kale tsabola.

Chaka chimene mvula inagumula phiri, nyumba yathu inapita ndi matope. Tinapulumuka ndi zovala za m'thupi, kuphatikiza kathumba ka zida zanga kamene ndinanyamula osadziwa n'komwe chifukwa chake. Tinakasonkhana pa bwalo la sukulu. Mkazi wanga anali wotopa, masiku atakwana, ndipo anachira komweko. Anali mwana wamkazi, woyamba wathu, wochepa thupi moti ndinkaopa kufunsa zambiri.

M'makalasi anthu anali atapanikizana, aliyense akutsokomola, choncho amayi anagwirizana kuti makhanda asagone m'menemo. Othandiza anali atagawa malona, banja lililonse lake, koma lona limodzi silibisa munthu ndi katundu wake. Amayi a makhanda anasonkha malona awo, anyamata anazika mitengo ya bulugamu, n'kuwalumikiza kukhala tenti imodzi yaikulu. Kulumikiza kwake kunali kwa chingwe, chodutsa m'zibowo za m'mphepete ngati akumanga nsapato. Padzuwa inkaoneka bwino ndithu. Itangowaza mvula, madzi anayamba kutsikira m'mipata monse, bulangeti la mwana wathu linanyowa, ndipo kutacha anayamba kachifuwa.

Ndinakwiya. Ndinawakalipira anyamata aja mpaka mawu anasasa, koma kukalipa sikutseka denga. Chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti sindikanatha kulowa. Mwana anali asanagwe mchombo, ndipo nthawi imeneyo mwamuna salowa kumene kuli khanda, ngakhale ali bambo wake. Ndinkangozungulira tenti ija ngati nkhuku yofuna poikira, uku kumwamba kwa phiri kukudanso.

Kenaka mayi wina woyandikana nafe kumudzi anatuluka ndi uthenga. Akuti apongozi akufuna linya, ulusi wolimba uja timasolola m'matayala akutha, komanso kandulo, machubu akale ndi guluu womatira pankchala. Singano anali nayo kale, yosokera matumba a mpunga, imene anathawa nayo itabayidwa mu duku. Tenti sikanatsitsidwa, popeza makhanda analibe kwina kopita, ndiye inayenera kusokedwa ili chiimire. Kusoka kotero kumafuna anthu awiri, wina mkati wobaya singano, wina kunja woilandira n'kuibweza. Ndinafunsa kuti mkatimo mukhala ndani. Mayi uja anaseka n'kunena kuti pali lona pakati, palibe amene aone nkhope ya mnzake.

Ndinakwera pa desiki kunja, apongozi pa benchi mkati. Tinkamasula chingwe pang'onopang'ono, n'kumakoka lona la kumtunda kuti ligonere la kumunsi monga timayalira malata, kuti madzi azidumpha msoko m'malo moulowa. Tikatero tinkapinda mphepete ziwirizo kuti zikolane, kukula kwake ngati chikhatho. Linya ndinkalipaka kandulo kuti lizitseka lokha chibowo chimene singano yaboola. Ndinkangoona nsonga ya singano ikutumphuka pa lona, ine n'kuigwira, kukoka, n'kuibayanso. Tinkasoka mizere iwiri, wa pamwamba ndi wa pansi, ndipo pomaliza ndinkamata kachubu kong'amba pamwamba pa msoko wonse.

Poyamba sankayankhula nane. Ankauza amayi a mkatimo mokweza kuti ndimve: auzeni a kunjawo kuti asabaye mothithikana, lona ling'ambika, auzeni a kunjawo kuti akukoka ngati akumanga mbuzi. Amayi ankangofa nazo kuseka. Ine ndinkayankha kwa mtengo wa bulugamu kuti uwauze a mkatiwo kuti ndamva. Ndikalakwitsa ankang'ung'udza m'Chilomwe, akudziwa bwino kuti ndimatolamo pang'ono pokha. Koma msoko ndi wautali, ndipo amayi aja anatopa n'kutumidwa. Tisanafike pakati, ndinangomva mawu apansipansi pafupi ndi khutu langa, kuseri kwa lona.

"Apongozi, mwatopa?"

"Ayi, amayi. Mwanayo ali bwanji?"

"Akuyamwa. Inu sokani."

Kuyambira pamenepo tinkayankhulana tokha. Anandiuza kuti mwana ali ndi mphuno yanga, ndipo anati zimenezo tingopirira nazo. Anandiuza za amayi awo amene anabwera wapansi kuchokera ku Mozambique atasenza mphasa, ndi kuti ndiwo anawaphunzitsa kusoka chinthu kuti madzi asapeze polowera. Singano inandibaya chala kangapo. Iwo inawabayanso, chifukwa nthawi ina inatuluka ili ndi magazi amene sanali anga, koma sanadandaule. Anali munthu wamkulu, wodwala msana, ndipo anaima pa benchi manja ali m'mwamba kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, osapempha wowalandira.

Ndimawathokoza mayi amenewa, ndipo ndikunena mosabisa. Anandiberekera mkazi, anasamala mwana wanga pamene ine sindikanatha kumukhudza, ndipo tsiku limenelo anandipatsa chochita ndi manja anga pamene mtima unkafuna kuphulika.

Guluu wa msoko womaliza asanaume bwino, mvula inafika, yamphamvu, yochokera kuphiri. Anthu onse amene anali panja anathawira m'makalasi. Ine ndinatsika pa desiki n'kuima pomwepo, ndikuyang'ana madzi akutsetsereka pa lona, kufika pa msoko, kudumpha, n'kugwera pansi kunja. Koma za kunja sizinali kanthu, ndinkafuna kumva za mkati. Ndinamva mapazi awo akuyenda m'litali mwa tenti, ndipo ndinkaona chikhatho chawo chikutukula lona apa ndi apo, akufufuza dontho. Anapita mpaka kumapeto, n'kubwerera, n'kudzaima pafupi ndi pamene ndinali.

"Bambo a mwana, mukadali pomwepo?"

"Ndilipo, amayi."

"Muno mwauma. Mwana wagona. Pitani mukabisale, mungatidwalire."

Ndinavomera, koma sindinachoke. Ndinakhala pansi m'matopemo, msana nditatsamira mtengo wa tenti, n'kulira.