Mchere wa M'chidebe cha Sopo

Ndinachoka pa komboni pathu, kufupi ndi Raffingora ku Zimbabwe, chifukwa cha chidebe cha sopo. Amayi a gulu lathu tinkapanga sopo wamadzi wotsukira mbale n'kumakagulitsa ku Chinhoyi. Tsiku langa lotakasa litafika, ndinathira mchere kuti sopoyo alimbe, monga tinkachitira. Analimbadi. Ndinati ndiwonjezere kuti anditame, basi anasungunuka, kukhala madzi enieni.

Mai Phiri, wapampando wathu, anaviikamo chala. "Amake Tadala, sopo winayo mwabisa kuti? Umu mwathira madzi."

Dzina la wakuba linandimata. Achemwali anga ataimba kuchokera ku Joni kuti kwapezeka ntchito yotsuka, ndinasiya Tadala, wazaka zitatu, kwa apongozi n'kukwera basi.

Ntchitoyo inali pa yunivesite, m'chipinda cha ofufuza, yotsuka timabotolo tagalasi. Ndinaseka nditamva kuti anthu ophunzira chonchi amakhalira kuyang'ana sopo tsiku lonse! Ankathira madzi a sopo m'kabotolo n'kuwombamo kuwala kofiira, kowonda ngati ulusi. Malinga ndi mmene kuwalako kwamwazikira, makina ankawauza kukula kwa tinthu tili m'madzimo. Kafumbi kamodzi kankawononga zonse, n'chifukwa chake ankandikonda. Ine sindithamanga, ndimatsukuluza kasanu.

Ndikaweruka ndinkadya ndekha m'kachipinda kamalata. Mwezi ukatha ndinkatumiza ya feteleza ndi ya nsapato za mwana. Pa foni Tadala ankangopuma, kenako n'kuitana, "Agogo, anti aja akukufunani."

Tsiku lina Naledi, mmodzi mwa ofufuzawo, anandipeza ndikuyang'anitsitsa kompyuta yake. Panali zithunzi zochokera m'makina okuza tinthu tosaoneka ndi maso: uku timipira, uku tizingwe topiringizana ngati nyongolotsi.

"Ameneyu ndi sopo, mama," anatero. "Tinthu take timasonkhana tokha n'kupanga timipira. Mukathira mchere, timipirato timatalika kukhala zingwe. Zingwe zikakolana, sopo amalimba."

"Nanga mchere ukachuluka?" ndinafunsa.

"Zimaleka kukolana. Amabwereranso madzimadzi."

Ndinakhala pansi pasimenti, kuseka misozi ili chuchuchu. Naledi anathamangira kapu ya madzi, kuyesa ndadwala.

Patatha zaka ziwiri ndinabwerera. M'basi monse ndinkakonza mawu owauza Mai Phiri, ena aulemu, ena ayi. Tadala anandilandira atabisala kuseri kwa agogo ake. Mawa lake ndinapita kushedi yakale ya fodya kumene gulu limakumana, iye akunditsata patalipatali. Ndinawapeza amayi a gululo atazungulira chidebe, manja ali m'chiuno. Sopo anali atasungunukanso.

"Amake Tadala! Ee, Joni yakukondani, taonani masayawo!" anatero Mai Phiri, koma maso anali pansi.

Mawu a m'basi aja anathawa onse. Ndinangofunsa ngati watsalako sopo wosathira mchere. Analipo theka la chidebe. Ndinamuthira pang'onopang'ono m'chosungunukacho, wina akutakasa ndi thabwa. Thabwa linayamba kulemera. Atalitukula, sopo anatsika ngati uchi.

Kunali nthungululu mpaka agalu anauwa. Ndinawafotokozera za timipira ndi nyongolotsi, wina n'kukuwa kuti, "Ndiye takhala tikugulitsa nyongolotsi ku Chinhoyi?" Tinaseka mpaka nthiti kuwawa.

Mai Phiri analowa mkati n'kutuluka ndi mthiko wanga wautali, wokulungidwa m'pulasitiki. "Inu mutangopita, sopo anasungunukanso m'manja mwanga momwemu. Tonse tinadziwa pompo kuti tinakulakwirani. Nambala yanu ndinali nayo, mwanangu, koma pakamwa pankalemera. Mthiko uwu palibe anaugwira."

Ndinapita kutali kukafuna umboni woti sindine wakuba, chikhalirecho kwathu dzina langa linayera kalekale. Chinatsala n'choti wina atsegule pakamwa.

Ndili m'kati motakasa, ndinamva kundikoka chitenje. Anali Tadala.

"Ndikufuna kuona nyongolotsizo."

Ndinathira sopo m'botolo, tinalowa pamthunzi, ndinawalitsamo tochi ya foni. Nyongolotsi sitinazione, n'zazing'ono kwambiri, koma njira ya kuwala inaoneka bwinobwino m'kati mwa sopoyo. Anayang'anitsitsa, mphuno itagunda botolo.

"Amama, walitsaninso!"

Ndinawalitsa mpaka batire linatha.