Mpanda wa Khonje pa Maenje a Golide

Amayi anamwalira mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Kwathu ukwati ndi wa chikamwini, mwamuna ndiye amakakhala kwa mkazi. Mkazi akatsogola, ikangotha arobaini, sadaka ya tsiku la makumi anayi, abale a malemu amamusudzula mwamunayo kuti abwerere kwawo. Ababa anali atakhala m'mudzi mwa amayi zaka zoposa makumi anayi. Kwawo kobwererako kunalibe ndi chitsa chomwe chowadikira.

Mudzi wathu uli mbali ya kwa Mposa, m'tsinde mwa limodzi la mapiri a mzere wa Chikala. Ababa kwawo kunali ku Balaka, cha ku Lisungwe, kumene anthu amatsuka mchenga wa mumtsinje m'mabeseni kufuna golide. Anabwera ku phiri lathu ali mnyamata wa ndevu zongomera kumene, atasenza matumba a miyala a anthu aboma ofufuza za m'nthaka. Anzawo atamaliza ntchito anakwera galimoto n'kumapita. Iwo anatsala, chifukwa anali ataona amayi akuchapa kumtsinje. Pa ntchito yonse ija anatsala ndi kahamala kamodzi, komanso matenda osatha kudutsa mwala osauyang'ana.

M'nkhalango ya phirilo muli maenje asanu ndi awiri. Akuluakulu ankati anakumbitsa ndi azungu kalekale, agogo athu asanabadwe, pofuna golide. Ngati anamupeza, palibe amene anamuona. Anangosiya maenjewo ali kukamwa yasa, udzu ndi zitsamba n'kuwaphimba. Amayi ali ndi pakati pa ine, tsiku lina akuzula bowa, mwendo unalowa m'mphepete mwa dzenje lina, ndipo chinawapulumutsa ndi muzu wa msuku umene anaugwira. Kuyambira chaka chimenecho ababa anadzipatsa okha ntchito. Mvula yoyamba ikagwa, bowa asanamere, ankakwera ndi chikwanje ndi khasu, kulambula pakamwa pa dzenje lililonse ndi kubzala mbande za khonje mozungulira, kuti munthu aone minga ali patali. Panalibe amene anawatuma, ndipo sindikumbuka wina atawathokoza.

Wosudzula anayenera kukhala amjomba, mchimwene wawo wa amayi, mwini mbumba. Apa m'pamene panali mantha anga, chifukwa anthu awiriwa sindinawaonepo atagwirizana ngakhale pa za mtengo wa mchere. Pa bawo ankakangana, pa za mvula ankakangana. Amjomba ankawatchula ababa kuti "a kouma", poti kwawo ku Balaka mvula imavuta. Ababa ankabwezera kuti, "Alamu, inu ndinu mwini phiri wosadziwa mwala."

Ine ndimakhala ku Balaka, ndimasoka zovala pafupi ndi siteshoni, ndipo mtima wanga suchedwa kupsa. Nditabwera kudzakonzekera arobaini ndinapeza ababa atamanga kale zovala zawo m'chikwama, atachiika kuseri kwa chitseko. Ndinatentha thupi lonse.

"Ababa, ndikukalankhula ndi amjomba. Nyumba iyi munaumba njerwa ndinu. Mango awa munabzala ndinu."

"Iyayi, mwanawe, khala pansi," anatero. "Mkamwini sapempha malo. Mlendo ndi mame."

"Mame a zaka makumi anayi?"

Anaseka pang'ono, koma maso sanaseke nawo. Ndinaona kuti sakufuna kuchoka, ndipo ndinadziwanso kuti angalole kufera panjira kusiyana n'kukagwada kwa mlamu wawo. Ndinawauza kuti akakhala ndi ine ku Balaka. Anavomera ndi mutu ngati munthu amene akulandira mankhwala owawa.

Patatsala masiku atatu kuti arobaini ichitike, kunagwa mvula yabwino. M'mawa mwake ababa anandiuza kuti ndivale nsapato zolimba. "Tikwere ndikusonyeze maenje aja. Ine ndikachoka, pakhale wina wowadziwa."

Tisanadutse n'komwe dimba lomaliza, tinamva kutsokomola kumbuyo. Anali amjomba, kofia kumutu, ndodo m'manja, akukoka bondo lawo lovuta lija.

"Mukamusonyeza ameneyu, maenjewo azikawalambula pafoni ali ku Balaka?" anafunsa. "Phiri ndi lathu ili. Musonyeze ine."

Ababa anangoti, "Tiyeni, koma tisakunyamuleni."

Phiri lathu limayamba ndi dothi lofiira la minda ya chinangwa ndi nandolo. Ukapitirira pamenepo umalowa m'misuku ndi mitondo, pansi pali masamba onyowa, ndipo miyala ikuluikulu imayamba kutuluka m'nthaka, ina yaikulu kuposa nyumba. Ababa sankatha kuyenda mwakachetechete pamenepa. Anagogoda mwala wina ndi kahamala kawo, natola kachidutswa, nakanyambita, nandipatsa kuti ndione. Mwala wouma umabisa nkhope, ankatero, ukaunyowetsa ndiye umaonetsa chimene uli. Kachidutswako kanali kotuwa, ka timadontho takuda ndi timaso tonyezimira.

"Uwu ndiwo mwala weniweni wa phiri lino," anatero. "Aja ndinkawanyamulira matumba ankati unali phala lamoto pansi penipeni, n'kuzizira pang'onopang'ono usanatulukire kunja. Dothi lofewa lozungulira linakokoloka lonse, iwo n'kutsala chiimire. N'chifukwa chake phirili lili lokha pakati pa chidikha."

"Zaka zonsezi akunyambita phiri lathu, koma silikutha," anatero amjomba, akundiyang'ana ine.

Pa kamtsinje kotsika pakati pa matanthwe, mchenga unkanyezimira ngati wina wamwazamo tizidutswa ta pepala la siwiti. Ndinatapa pang'ono m'manja. Ababa anakanikiza kanthu kamodzi ndi chikhadabo, n'kuphwanyika. Anati golide saphwanyika choncho, amapindika, ndiponso sayandama, amathawira pansi pa beseni. Tonyezimirato tapusitsa anthu ambiri. Kenako anandisonyeza mzere wa mwala woyera, wopyapyala ngati lamba, wodutsa m'thanthwe lotuwa kulowera kumtunda. Azungu aja ankatsata mizere yotereyi. Maenje onse asanu ndi awiri ali m'njira ya mwala woyera, ndipo ababa anati ukaudziwa umenewo sungasochere.

Dzenje loyamba ndi losazama, lodzaza masamba. Lachiwiri lili pafupi pomwepo, kuseri kwa chulu. Lachitatu ndi lija linafuna kumeza amayi. Mpanda wake wa khonje unali wokhwima, wofika m'chiuno. Ababa anaponyamo mwala, ndipo tinadikira kanthawi tisanamve phuvu m'madzi. Amjomba anachotsa kofia, naipukuta, naivalanso.

Pa lachinayi tinapeza moto wa owotcha makala utapsereza mbali imodzi ya mpanda. Ababa anadandaula ngati awabera mbuzi. Anazula mbande pa mbali yotsalayo n'kubzala pomwe panapsa, akufotokoza kuti mbande iliyonse italikirane ndi inzake phazi limodzi ndi theka, ndipo usabzale pakamwa penipeni chifukwa dothi la pamenepo limagumuka. Amjomba anagwira khasu, nakumba timaenje titatu ta mbande, ababa n'kuwauza kuti tonse titatu ndi tokhota. Anakangana mpaka ine ndinalanda khasulo. Lachisanu si dzenje lolowa pansi koma mphanga yolowa m'mbali mwa phiri, yonunkha mileme. Lachisanu n'chimodzi lili m'nsungwi. Lomaliza lili pafupi ndi pamwamba, pomwe mitengo imafupika ndipo mphepo imayamba kuzizira.

Titamaliza tinakhala pathanthwe n'kudya chinangwa chophika. Mbali ina tinkaona Chilwa, madzi ndi mabango ake, ndi minda ya mpunga m'mphepete. Chakumwera kunali Malosa ndi Zomba. Ababa anatembenukira mbali ya Shire, naloza kutali kumene chidikha cha Balaka chimathera m'nkhungu.

"Kwathu ndi uko," anatero.

Ndinayang'ana, koma kunalibe chooneka. Iwonso ndikhulupirira sanaone kanthu. Dzanja linatsika pang'onopang'ono, n'kukagwira thanthwe limene anakhalapo. Ndinamva chisoni chosakanikirana ndi ukali. Ndinayang'ana amjomba ndi diso loti nenani kanthu, bambo inu. Iwo anali kalikiliki kuchotsa ulusi wa pakati pa chinangwa chawo. Potsika sanayankhule, ndipo ine mumtima ndinawatukwana mpaka kufika kumudzi. Mulungu andikhululukire.

Tsiku la arobaini anthu anabwera ambiri. Mashehe anawerenga dua, anthu anadya mpunga ndi nyama ya mbuzi, alendo akutali n'kuyamba kubalalika. Dzuwa litapendeka, abale tinakhala pansi pa mango. Ababa anakhala pampando wawo atavala jekete, manja pamaondo. Kuchokera kwawo kunabwera munthu mmodzi yekha, mdzukulu wa msuweni wawo, amene ngakhale ababa anachita kumufunsa kuti ndi mwana wa yani.

Amjomba anayankhula monga mwa mwambo. Anati mlongo wawo anasungidwa bwino, anadwazikidwa bwino, ndipo mbumba ilibe mlandu ndi mkamwini wawo. "Alamu, takumasulani. Njira ili yoyera." Azimayi anaomba m'manja mwapansipansi. Ababa anawerama, nayankha kuti zikomo. Ine ndinali nditaluma mlomo kuti ndisayambitse nkhondo pa sadaka ya mayi anga.

Anthu atayamba kusuntha mikeka, amjomba anakweza ndodo.

"Pali kanthu kena kakang'ono. Alamu, dzenje lachitatu lija, kodi lili kumtunda kwa nsungwi kapena kumunsi?"

"Lachitatu lili kumunsi kwenikweni. Lam'nsungwi ndi lachisanu n'chimodzi."

"Ehe, mwaona. Dzulo ndimayesa kuwakumbukira, ndikupeza anayi okha. Mutu watha uwu."

Amjomba ndi munthu amene pa mlandu wa malire a munda amakuuza mtengo umene unali pamenepo iwe usanabadwe, ndi amene anaudula. Amadziwa tsiku limene mwana aliyense wa mbumba anabadwa, ndi mvula imene inagwa chaka chimenecho. Phiri lija anakulira momwemo akusaka mbira. Munthu wotero sangaiwale maenje asanu ndi awiri m'masiku awiri.

"Ndinakusonyezani bwinobwino," anatero ababa.

"Munkathamanga. Ine ndi bondo ili ndimangoona msana wanu. Mudzandisonyezenso chaka chamawa. Mwina ndi chinacho, chifukwa ine kumva n'kovuta, mukundidziwa. Ana athu akagweramo, mlandu udzakhala wa yani? Kumasula takumasulani, koma musachoke ndisanawadziwe."

Anayankhula akuyang'ana nsonga ya ndodo yawo. Ababa nawo anayang'ana pansi. Atadzutsa mutu, mawu anatuluka osasa.

"Mbuli yotereyi sindingaisiyire phiri."

"Ndi zomwezo," anatero amjomba. "Wina abweretse bawo."

Ine ndinathawira kuseri kwa nkhokwe, n'kulira kuposa mmene ndinalirira pamanda. Azakhali, akazi awo a amjomba, anandipeza komweko, nanditi ndipukute kumaso ndikatsuke mapoto.

Ababa anakhalanso m'nyumba mwawo mvula zisanu ndi imodzi. Chaka chilichonse, mvula yoyamba ikagwa, madoda awiri aja ankakwera phiri, wina ndi kahamala, wina ndi ndodo, akukangana kuyambira padimba mpaka pamwamba. Ndikaimba foni kufunsa kuti zayenda bwanji, ababa ankati, "Amjomba akowa sadzaphunzira. Chaka chino asokoneza lachiwiri ndi lachisanu." Ndipo ndinkamva amjomba chapatali akukana kuti wosokoneza ndi mphunzitsi.

Ababa tinawaika m'mudzi momwemo, kumanda a mbumba ya amayi, mwezi wa Juni. Disembala wake ndinapita kukaona nyumba, ndipo ndinapeza amjomba kulibe. Azakhali anati alawira m'mamawa ndi khasu ndi chikwanje, akana wowaperekeza. Anatsika dzuwa litapendeka, akutsimphina, manja atalasidwa ndi minga. Ndinawapatsa madzi, n'kuwafunsa ngati awapeza onse.

"Onse asanu ndi awiri," anatero. "Lachinayi apserezanso."