Kabokosi Kotuwa pa Tsamba la Achemwali

Alamu anga ankagwira ntchito m'kachipinda ka pamwamba pa sitolo ya zitsulo, komwe masitepe ake ankanunkha penti ndi girisi. Munali tebulo limodzi, makompyuta awiri, fani yothyoka khosi imene ankaitsamiritsa kukhoma, ndi mulu wa mafoni akale ong'aluka magalasi oyeserapo ntchito. Ankakonza mawebusayiti a anthu wamba: sukulu yophunzitsa kuyendetsa galimoto, dokotala wa mano, mayi wina wogulitsa maluwa, ndi nyumba yogona alendo ya kuseri kwa depoti.

Chimene ankadziwika nacho kwambiri ndi kulowetsa zinthu za eni m'tsamba la munthu. Mapu osonyeza pamene sitolo ili, vidiyo, kalendala yosungitsira malo, kapena kachipangizo komvetsera mawu, zonsezi zimasungidwa ndi makampani ena akutali. Pa tsamba lako umangoboola kazenera kuti zizionekera pamenepo. Alamu ankatchula kazenerako kuti kabokosi, ndipo poti mawuwo sankachoka pakamwa pawo, msewu wonse unangowatcha a Kabokosi.

Timabokosi timeneti sitinkawapatsa mpumulo. Dokotala wa mano ankakwera masitepe akupuma wefuwefu, foni ili m'manja.

"A Kabokosi, kalendala ija ikuoneka mutu wokha! Miyendo mwaisiya kuti?"

"Khalani pansi, adokotala. Miyendo ilipo, kabokosi ndi kamene kafupika."

Ankasintha nambala ya msinkhu wa kabokosi, n'kusunga, n'kutsegulanso tsambalo pa foni iliyonse ya pamulu paja. Pena mapu ankakwera pamwamba pa zolemba n'kuziphimba. Pena vidiyo inkasefukira kunja kwa sikirini, munthu n'kumakoka tsamba uku ndi uku ngati mphasa. Kampani yakutali ikangosintha kanthu kwawoko, kuno zonse zinkapindika, ndipo wotukwanidwa anali iwo. Koma sankapsa mtima.

"Kabati yobwereka suipala," ankatero. "Umangosuntha mipando yako mpaka ikwane."

Akazi awo, achemwali anga, anali mphunzitsi wa masamu kusekondale. Anali ndi mawu aakulu, osasa pang'ono, oti akaseka kukhitchini neba ankafunsa chachitika n'chiyani. Chaka china anayamba kujambula maphunziro awo kuti ana odwala ndi obwereza mayeso azimvetsera kunyumba. Ankajambula Loweruka masana patebulo lodyera, ndipo kumbuyo kwa mawuwo kunkamveka chivundikiro cha poto, galu wa kwa neba, nthawi zina alamu akutsokomola n'kukalipiridwa. Alamu anaika mawuwo pa akaunti ya kampani ina yosunga zomvetsera, n'kupanga tsamba lokhala ndi timabokosi tondandalika, kalikonse phunziro lake, kalikonse ndi batani lofiira pakati.

Tsamba limeneli ankakanganirapo ngati anthu okangana za makatani.

"Bambo, batanili lachepa. Ana ena amabwereka foni ya agogo awo, sikirini ngati bokosi la machesi."

"Ndikalikulitsa likwera pa linzake, aphunzitsi."

"Ndiye ntchito yanu ndi yotani? Chotsani linzakelo!"

Linzakelo linali batani lotsitsira phunziro kuti munthu asunge m'foni mwake. Pa mafoni aang'ono mabatani awiriwa ankapanikizana, mwana akafuna kumvetsera n'kudina lolakwika. Alamu anayesa njira zingapo, koma za mkati mwa kabokosi zinali za eni ake, sakanatha kuzisuntha. Chimene kampani inkalola ndi kubisa batani lotsitsira. Analibisa, tsamba linaoneka bwino, ndipo achemwali anawayamikira pamaso pa alendo.

Kenako achemwali anagwa m'kalasi, choko chili m'manja. Inali sitiroko. Anakhala nthawi m'chipatala, ndipo atatuluka, dzanja ndi mwendo wakumanja zinali zolemera, mawu atapita. Ankamva zonse, maso awo ankayankha munthu asanamalize kufunsa, koma pakamwa pankatuluka mawu awiri okha: "eya" ndi "basi." Ine ndinasiya chipinda chimene ndinkakhala n'kusamukira kwawo kuti alamu azitha kupita kuntchito.

Mayi wina wa kuchipatala, wophunzitsa odwala kulankhula, atamva za maphunziro aja anawala nkhope. Anati munthu akamamva mawu ake omwe, nthawi zina lilime limakumbukira njira. Ndiye m'mawa uliwonse ndikawasambitsa, ndinkawakhazika pampando wa pawindo, foni yaikulu itatsamira mtsamiro pamiyendo pawo. Ankadina batani lofiira ndi chala chakumanzere, nyumba n'kudzaza ndi achemwali akale: "Tiyeni, ana inu, musaope nambala, siluma." Iwo ankatsatira ndi milomo. Kwa nthawi yaitali sipankatuluka kanthu. Tsiku lina ndikupukuta mbale ndinamva mawu awiri akunena chinthu chimodzi, ena a m'foni, ena a pampando.

"Ga... gawani."

Ndinagwetsa mbale. Alamu atabwera madzulo, achemwali anabwerezanso, ndipo bambo aja anakhala pansi penipeni, pasimenti, n'kumaseka misozi ikutsika. Pambuyo pake panabwera "chotsani," kenako "ayi." Alamu ankati mawu a "ayi" abwerera msanga chifukwa ndi amene ankagwira ntchito kwambiri m'banjamo.

M'mawa wina ndinamva supuni ikugogoda pa mkono wa mpando, mmene ankandiitanira. Ndinapeza akuloza foni. Mitu ya maphunziro inalipo, koma pansi pa mutu uliwonse panali kabokosi kotuwa, kopanda batani, kopanda chilembo. Ndinatsitsa tsamba mpaka pansi. Timabokosi tonse tinali chimodzimodzi. Ndinaimbira alamu.

"Zazing'ono zimenezo, mlamu," anatero. "Zimachitika. Auzeni ndibwera masana."

Anabweradi, osavula ndi nsapato zomwe. Anayamba ndi zimene ankayamba nazo nthawi zonse. Anayesa netiweki, anatsegula tsambalo pa kompyuta, kenako pa foni ina, kenako pa ina. Anakulitsa msinkhu wa kabokosi poganiza kuti batani latsikira pansi. Anachotsa zokongoletsa zonse za tsamba kuti aone ngati china chikuphimba. Anapanga tsamba latsopano lopanda kanthu n'kuikamo kabokosi kamodzi kokha. Kanatuwabe. Pomaliza anapita ku webusayiti ya kampani ija kuti akatengenso linki. Ndinali kumbuyo kwawo ndi kapu ya madzi. Anawerenga, anabwereza, kenako anatseka laputopu pang'onopang'ono.

"Ndikakonzera kuofesi," anauza achemwali. "Zida zabwino zili kumeneko."

Anandiuza zoona pakhonde, motsitsa mawu. Kampani ija inagulidwa ndi ina, ndipo eni atsopanowo anatseka maakaunti akale amene sanayankhe chenjezo. Chenjezolo linkapita ku imelo ya kusukulu ya achemwali, imene inatsekedwa atapuma ntchito. Zonse zinafufutidwa.

"Nanga zoyambirira zija? Si ankajambulira pa laputopu?"

"Inali ya sukulu. Ndinakabweza ndekha. Anafufutamo zonse n'kuipatsa mphunzitsi wina."

Sanawauze achemwali. Tsiku lililonse pochoka ankati, "Lero nditsiriza, aphunzitsi," ndipo madzulo ankati, "Kwatsala pang'ono." Analembera kampani ija, n'kumayankhidwa ndi makina mawu omwewomwewo opepesa. Anapita kusukulu kukapempha laputopu ija, anaifufuza mkati monse, osapezamo kanthu. Kenako anayamba kusaka ana amene anaphunzitsidwa ndi achemwali. Ena anali pantchito, ena pabanja, ndipo onse ankayankha mwachisoni mofanana. Mtsikana wina, amene tsopano ndi namwino, anabwera mpaka kuofesi.

"Bambo, ine ndinkamvetsera tsiku lililonse. Ndinkafunitsitsa kusunga, koma panalibe podina."

Alamu anangogwedeza mutu. Anamuthokoza, anamuperekeza mpaka pansi pa masitepe, n'kubwerera.

Tsiku lina ndinawapititsira chakudya chifukwa anali atayamba kuiwala kudya. Ndinawapeza atatsegula tsamba la achemwali. Ankasintha nambala, kabokosi n'kutalika. Ankasinthanso, n'kufupika. Pakhomo panali kapepala ka mayi wa maluwa kodandaula kuti mapu ake aphimba nambala ya foni, ndipo kanali katayamba kupindika ndi dzuwa.

"Alamu, mukuchita chiyani?"

"Nthawi zina chinthu chimakhalapo, kungoti chabisika kumbuyo."

"Inu nomwe munandiuza kuti anafufuta."

"Ndikudziwa." Anachotsa manja pa kiyibodi n'kuwaika pamiyendo. "Ndikudziwa, mlamu. Koma china chimene ndimadziwa kuchita ndi chiti?"

Ndinawauza kuti achemwali si mwana, ndipo kuwanamiza kukuwapweteka kuposa chilungamo. M'mawa uliwonse ankadinabe pamene panali batani, n'kundiyang'ana.

Madzulo amenewo alamu anakokera mpando pafupi ndi akazi awo. Anayamba ndi za kampani, za imelo, za laputopu, mawu akuzungulirazungulira. Atafika pa batani lotsitsira lija, ananena mosabisa.

"Ndinalibisa ine. Likanakhalapo, bwenzi ana onse aja ali nazo."

Achemwali anawayang'ana. Kenako anadziloza pachifuwa ndi chala chakumanzere, kawiri, mwamphamvu. Ankatanthauza kuti analamula ndi iwo. Alamu anapukusa mutu kukana. Achemwali anawagwira dzanja, natembenuza foni ija chafufumimba patebulo.

"Basi," anatero.

Kuyambira pamenepo anasiya kuyeserera kulankhula. Mayi wa kuchipatala anabweretsa zithunzi ndi makadi, koma achemwali ankangowayang'ana mwaulemu. "Gawani" anapita, "chotsani" anatsatira. Alamu sanagonje msanga. Loweruka lina anabwera ndi buku lakale la masamu n'kundipatsa.

"Mlamu, inu ndi achemwali anu mawu ndi amodzi. Pa foni ndinkakusokonezani. Tawerengani phunziro limodzi, ndijambule."

"Ine masamu ndinathawa kalekale, alamu. Mukufuna kundichititsa manyazi?"

"Mungowerenga. Muzikalipa pang'ono, zifanana."

Ndinakhala patebulo lodyera lomwe lija n'kuyamba. Achemwali ankamvetsera ali pawindo. Nditafika pakati ndinasokoneza manambala, ndipo supuni inagogoda mwaukali. Ndinabwereza, inagogodanso. Alamu anaphulika kuseka, ine ndinaseka, ndipo achemwali nawo anatulutsa kaphokoso kokhala ngati kuseka, mbali imodzi ya nkhope itakwera. Koma titawaikira zimene tinajambulazo, anamvetsera pang'ono chabe, kenako anatembenukira kuwindo.

"Ayi," anatero, mofatsa.

Sitinayesenso.

Anakhala nafe zaka zina zingapo, ali chete, akulamulira nyumba ndi maso ndi supuni. Alamu anabwerera ku ntchito yawo. Anakonza mapu a mayi wa maluwa, anapepesa dokotala wa mano, ndipo makasitomala ambiri anawakhululukira. Koma anasintha. Munthu akabwera kuti amuikire vidiyo kapena nyimbo, ankayamba ndi kufunsa kumene wasunga yake, ndipo akayankha kuti ili pa intaneti, ankamubweza kuti akaikope kaye. Ena ankaona ngati nkhalamba yayamba kuvuta, n'kupita kwa anyamata achangu a kumsika. Nthabwala zija zinachepa. Ankatseka ofesi dzuwa likadalipo kuti akakhale pafupi ndi mpando wa pawindo, akusenda malalanje n'kumafotokozera akazi awo nkhani za mumsewu.

Sitiroko yachiwiri inawatenga achemwali m'nyengo yozizira, m'mawa, ndikuwatenthetsera madzi. Zonse zitatha ndinabwerera kukakhala ndekha. Mawondo a alamu anayamba kukana masitepe, ndipo anasamutsira makompyuta kunyumba, patebulo lodyera. Amagwirabe ntchito pang'ono, ya anthu akale amene sanawataye.

Masiku ano amandiimbira foni kawirikawiri, popanda nkhani yeniyeni. Amafunsa ngati mvula yagwa kwathu kuno, pamene tikukhala mtunda woyenda wapansi. Amafunsa kaphikidwe ka nyemba, chinthu chimene akhala akuphika okha zaka zonsezi. Ndikayankha mwachidule amafunsanso china, ndipo ndikayamba kufotokoza amakhala chete, moti ndimamva kupuma kwawo kokha. Poyamba ndinkati ndi ukalamba. Kenako ndinazindikira kuti mayankhowo alibe nawo ntchito, amangofuna kumva mawu a achemwali m'mawu anga.

Sindinawauze kuti ndikudziwa. Foni ikalira ndimazimitsa mbaula, ndimakhala pansi, n'kuwafotokozera za nyembazo kuyambira posankha mpaka pothira mchere. Nthawi zina ndimawakalipira pang'ono.