Dzanja Pachifuwa

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali Folomu 2 pasekondale ina ku Katoto, aphunzitsi a Chingerezi atatiuza kuti tichite sewero lakale la azungu. Linali la munthu wooneka wokhulupirika amene amanamiza bwana wake mpaka anthu onse ofunika kufa. Mbali ya wabodzayo anandipatsa ine. Sanayese n'komwe mwana wina, ndipo panthawiyo ndinkaona ngati andilemekeza.

Bodza lalikulu ndinali nalo kale. Tinkakhala ku Chibanja, bambo atasamutsidwa pantchito ya boma kuchokera ku Ntchisi. Tsiku lina ndinatenga wailesi yawo mobisa kukamvera mpira kudambo, ndiye inagwera m'madzi. Ndinaikwirira patsinde pa nthochi. Mayi atandifunsa, ndinaika dzanja pachifuwa, kuwayang'ana m'maso, n'kunena kuti ndinaona a Mhango akusuzumira pawindo pathu. A Mhango anali aneba athu, kalipentala, komanso mkulu wa mpingo kutchalitchi kwathu. Nkhani inayenda, mpingo unawapumitsa kaye paudindo, moni unatha pakati pa nyumba ziwirizi. Ine ndinkadya ndi kugona bwinobwino.

Tsiku la sewero kunkagwa mvula yamawawa ija yosadziwa kuleka. Muholo munkanunkha majuzi onyowa ndi polishi wa nsapato. Mafumu athu anavala makatani, malupanga anali a makatoni. Aphunzitsi anali atandilangiza kuti ndisavutike n'kuyerekezera, ndizingonama mmene ndimanamira masiku onse. Ndinawamvera. Nditafika ponamiza bwana wanga, ndinaika dzanja pachifuwa n'kumuyang'ana m'maso. Anthu anaomba m'manja, ndipo bambo wina kumbuyo anakuwa kuti, "Mwana uyu ndi wabodza chomene!" Mayi anali pamzere wachitatu, atapinda manja.

Sewero litatha, akufa onse anadzuka, kusasa fumbi, n'kuweramira anthu. Mayi anandidikira pakhomo ndi ambulera.

"Wasewera bwino," anatero. "Koma dzanja lija ndinaliona kale kunyumba. Wailesi ili kuti?"

Ndinati ndikweze dzanja, linakana. Tinakaifukula madzulo omwewo, itadzaza dothi ndi nyongolotsi. Mayi anandinyamulitsa mpaka kwa a Mhango, amene tinawapeza akupala thabwa pakhonde. Ndinagwada m'matope n'kuulula zonse. Manyazi ngati amenewo sindinawamveponso.

A Mhango anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenaka anatembenukira kwa mayi.

"Yewo amama, mwachita bwino kubwera," anatero. "Kungoti kumpingo anasankha kale wina. Iwe mwana, dzuka, ukudetsa yunifolomu."

Masiku ano ana anga amajambula masewero awo pafoni, ndipo bodza limafika mpaka kudera la Mzilawaingwe munthu usanatseke pakamwa. Kalelo linkayenda wapansi, koma linkafika ndithu. Nditaulula, Lamulungu lotsatira bambo anaimirira n'kupepesa pamaso pa mpingo wonse, anthu anagwedeza mitu, ena anati amen. A Mhango anakhalabe pabenchi yakumbuyo mpaka tsiku limene anatisiya. Pamaliro awo ndinali wamkulu kale, ndinanyamula nawo bokosi. Tikudutsa pamene panakhala azimayi, ndinamva wina, akuloza bokosilo, akufunsa mnzake chapansipansi kuti, "Kodi si aja a wailesi?"