Dzina la Odília pa Mndandanda wa Vinyo

A Armindo Silveira ntchito yawo ndi yoika matailosi. Mabafa ambiri a muno mu Petaluma anawagwadira ndi iwo, ndipo mawondo awo angachitire umboni. Ku tchalitchi kwathu amakhala pa benchi lachitatu kumanzere, ndipo nthawi yogwada ikafika amachedwa kuposa tonsefe, potsika ndi podzuka pomwe. Pa chikondwerero cha Mzimu Woyera ndiwo amadula buledi woviika mu msuzi wa nyama, ntchito imene anawasiyira bambo awo. Si munthu wa zonena zambiri. Chakumwa chawo ndi tambula imodzi ya vinyo pa chakudya cha Lamlungu, basi.

N'chifukwa chake anthu ankadabwa akamva kuti bambo ameneyu amagula vinyo wa ku munda wa a Quillen ku Napa, uja wa madola 300 botolo limodzi. Vinyo ameneyu sapezeka m'sitolo. Mundawo ndi waung'ono, ndipo eni ake amagulitsa kwa okhawo amene mayina awo ali pa mndandanda. Munthu umalembetsa, n'kudikira zaka. Dzina lako likafika, mwezi wa Febuluwale uliwonse umalandira kalata: mabotolo atatu, masiku khumi oti uyankhe. Ukangophonya chaka chimodzi amakufufuta n'kulembapo wina, poti odikira alipo ambirimbiri.

Amene analembetsa si a Armindo ayi, koma akazi awo, mayi Odília, amene ankaphika ku sukulu ya pulayimale. Analawako vinyoyu kamodzi kokha, pa ukwati wa anthu ena olemera kumene anakathandiza kuphika, ndipo mu 1996 analembetsa osauza munthu. Anadikira zaka zisanu ndi ziwiri. Kalata yoyamba itafika anavina nayo m'khitchini, amuna awo akufunsa ngati apambana lotale. A Armindo atamva mtengo anakhala pansi, koma sanakane. Mumtima anangoti, mkazi amene sanapemphepo mphete kapena chipewa, akalakalaka chinthu chimodzi musiyeni.

Anagula zaka ziwiri ali limodzi. Kenaka mayi Odília anadwala khansa n'kutisiya mu Novembala, koma Febuluwale atafika kalata inabwera ngati palibe chimene chachitika.

Pa nthawiyo a banki, a chipatala ndi a boma anali atachotsa kale dzina la malemu m'mabuku awo. Kalata yokhayo imene inkafikabe pakhomo yolembedwa kuti "Mayi Odília Silveira" inali ya vinyo. A Armindo ankalidziwa bwino lamulo la mundawo, loti malo a pa mndandanda sasiyirana, mwini akamwalira dzina limachoka. Anakhala chete n'kutumiza ndalama. Anatero zaka zinayi, mabotolo n'kumawagoneka kunsi kwa masitepe, malo ozizira. Nkhaniyi anakaitula kawiri konse pokalapa. Bambo Mfumu anawauza kuti tsiku limene adzafunsidwe adzanene zoona. Koma wofunsa panalibe.

Ndiye chinafika chaka cha 2009, chuma cha dziko chitagwa. Anthu analeka kumanga, ena nyumba zawo zikulandidwa ndi mabanki. Kuyambira pa Khirisimasi a Armindo anali atakonza bafa limodzi lokha. Galimoto yawo yachiwiri anali atagulitsa. Kalata inafika pa nthawi yake.

Lamlungu pochokera ku Misa, alamu awo a Gilberto, mlongo wake wa malemu, mlimi wa ng'ombe za mkaka, anaipeza patebulo.

"Alamu, mutu uli bwino? Madola naini handiredi! Ine ng'ombe ndikugulitsa pa mtengo wa nkhuku, inu mukufuna kugula madzi a mphesa?"

"Ena amagulitsanso n'kupindula," anatero a Armindo.

"Ankapindula kale. Chaka chino akugula ndani? Dokotala wanga wa mano akutsatsa mabotolo ake onse, palibe ndi wocheuka yemwe. Komanso inuyo mungagulitse? Mumawafunditsa bulangete ngati makanda."

"Kuwala kumamuwononga."

"Chikukuwonongani inu ndi kuuma mutu. Pakamwa panupo vinyo wa madola atatu ndi wa mazana atatu n'chimodzimodzi. Pa Pasaka paja ndinakuthirirani wa m'katoni, munati wafika pake."

A Armindo anaseka, poti zinali zoona. A Gilberto anatola envulopu ija kuti aikupizire pankhope pa mlamu wawo, koma maso awo anagwera pa dzina. Anaiyang'ana kanthawi, n'kuibweza patebulo bwinobwino.

"Mlongo wangayu naye," anatero motsitsa mawu. "Wokonda zapamwamba chonchi, n'kukakwatiwa ndi inu."

"Inenso ndimadabwa mpaka lero."

Masiku anayamba kutha. A Armindo ankadziwa kuti akagula, mwezi wa mawa adzayenera kugulitsa makina awo odulira matailosi, ndipo woika matailosi wopanda makina ntchito ikadzabwerera adzangoiyang'ana. Ankadziwanso kuti akapanda kugula, wa makalata sadzabweretsanso dzina lija. M'mawa uliwonse ankapemphera kolona kalatayo ili pafupi, koma yankho silinkabwera.

Tsiku lachisanu ndi chitatu, masana, foni inalira.

"Muli bwanji bambo? Ndine mayi Quillen, ku munda wa mphesa. Ndingalankhule ndi mayi Odília?"

Anthu a ku munda umenewu sankaimbira munthu. Amene ankawafuna ndiye ankawanyengerera. Koma chaka chimenecho okana anachuluka, mpaka mkazi wa mwini munda anakhala yekha pa foni.

"Kulibe," anatero a Armindo.

"Ndiimbenso nthawi yanji?"

Anagwira m'mphepete mwa tebulo. Wofunsa uja anali atafika.

"Mayi, akazi anga anamwalira. Zaka zinayi zapita. Amene ndakhala ndikutumiza ndalama ndine. Ndinakubisirani, mundikhululukire."

Mayi Quillen anayankha mofatsa.

"Pepani kwambiri, bambo. Zokhululuka musadandaule nazo. Kunena zoona, chaka chino lamulo lathu lafewa ngati nthochi yakupsa. Ndikhoza kufufuta dzina lawo n'kulembapo lanu. Ngakhale mabotolo sikisi mungatenge."

A Armindo anaiona m'maganizo kalata imeneyo, yolembedwa dzina lawo, itasakanikirana ndi ya magetsi ndi ya madzi.

"Ayi mayi, zikomo. Ntchito kulibe. Komanso vinyo wanuyu ine sindimusiyanitsa ndi wina aliyense. Mupatseni amene akudikira."

Mayi Quillen anaseka. "Zimenezo musadzanene amuna anga akumva, angadwale." Kenaka panamveka kusanthula mapepala. "Dikirani pang'ono. Anthu oyambirira ankalembetsa pa khadi, ndipo makhadiwo ndimawasunga m'katoni ya nsapato. La akazi anu ndi ili. Analembapo mawu kumunsi. Ndiwerenge?"

"Werengani."

"Akuti, 'Chonde musadzaimbe foni kunyumba, amuna anga asadziwe msanga. Agwada zaka makumi atatu m'nyumba za anthu ena. Ndikufuna tsiku lina adzakhale pampando, amweko chinthu chabwino.' Taonani, ine lero ndaphwanya pempho lawo."

A Armindo anakoka mpando n'kukhala. Zaka zonsezi ankati akusunga chimene mkazi wawo ankachilakalaka. Sizinawafikepo m'maganizo kuti wolakalakiridwayo anali iwo. Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, dzanja louma ndi simenti.

"Bambo, mulipo?"

"Ndilipo, mayi. Khadi limenelo mumalifunabe?"

"Ngati mukuchoka pa mndandanda, lilibenso ntchito kuno. Ndilitumiza mawa m'mawa." Kenaka anafunsa mosamala. "Pa envulopu ndilembe dzina la ndani?"

A Armindo anayang'ana pawindo, pamene mvula ya Febuluwale inkawaza pa galimoto yawo yotsalayo. 

"Lembani langa," anatero. "Armindo. Uthengawo ndi wanga."